Mayi ali mu leba: mafunso ndi mayankho pa kayendedwe ka matenda ndi zovuta za mimba

Ophunzira unamwino ndi uzamba amene amatumizidwa m'zipatala za m'boma la Zomba, kuchokera ku St Luke's ku Malosa ndi ku Malawi College of Health Sciences, amafunsa mafunso omwewomwewo chaka ndi chaka. Ena mwa mafunsowa ndi a magadiyani amene amachezera pakhonde la leba. Milingo ya mankhwala yalembedwa kuti wophunzira aidziwe. Popereka mankhwalawo tsatirani ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo imene ili mu wodi yanu, ndipo mzamba wokuyang'anirani akhale pomwepo.

Tsiku lochira timaliwerenga bwanji, makamaka mayi akaiwala pamene anasamba komaliza?

Mimba imatenga masabata 40 kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Pa tsikulo wonjezerani masiku 7 ndi miyezi 9. Mayi amene anayamba kusamba pa 10 Januwale tsiku lake ndi 17 Okutobala. Mwana wobadwa masabata 37 asanakwane ndi wosakwana masiku, ndipo mimba ikafika masabata 41 matenda asanayambe, mayi aonedwe ndi dokotala, asamangodikira kunyumba.

Amayi ambiri deti salidziwa, koma nyengo amaikumbukira. Afunseni kuti, "Amayi, munasiya kusamba musanabzale kapena mutabzala? Khirisimasi inali itapita? Nanga Ramadani?" Kenako yezani mimba. Pa masabata 12 chiberekero chimangoyamba kumveka pamwamba pa fupa la chinena, pa masabata 20 chimafika cha pamchombo, ndipo kuyambira masabata 24 mpaka 36 masentimita a tepi amayendera limodzi ndi masabata. Sikani yochitika masabata 24 asanakwane imanena zoona kuposa yochitika mimba itakula.

Sikelo ayambe liti, ndipo apite kangati?

Ayambe miyezi 3 isanathe. Kuyambira mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe ka 8, osati ka 4 monga zinalili kale, ndipo maulendo ambiri amakhala kumapeto chifukwa BP ndi kagonedwe ka mwana zimavuta kumapetoko. Amayi athu amabisa mimba ikakhala yaing'ono poopa anthu oipa, ndiye ambiri amafika ili ndi miyezi 5 kapena 6. Kuwakalipira n'kungowathamangitsa. Chitani zonse zimene zinatsalira tsiku lomwelo: BP, mkodzo, kuchuluka kwa magazi, HIV, chindoko, katemera wa kafumbata, mapiritsi owonjezera magazi, mankhwala a njoka za m'mimba ndi neti.

Ndi zizindikiro ziti zimene mayi sayenera kugona nazo kunyumba?

Kutaya magazi ngakhale pang'ono, mutu waukulu wosamva Panado, kuona zidima kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kupuma movutikira, kupweteka m'mimba kosalekeza, nsupa kusweka matenda asanayambe, ndi mwana kusiya kusewera. Muwauze mayi ndi bambo omwe, ndiponso apongozi ngati abwera, poti nthawi zambiri amene amalamula kuti anyamuke si mayiyo.

Ndingasiyanitse bwanji matenda enieni ndi ongonamiza?

Matenda enieni amayambira kumsana n'kuzungulira kutsogolo, amabwera motsatana bwino, ndipo akamapita nthawi amafupikirana n'kumakula mphamvu. Kuyenda sikuwaletsa. Nthawi zambiri pamatuluka chikazi chonanda chosakanikirana ndi timagazi. Ongonamiza amabwera mwa apo ndi apo, mayi akagona kapena kumwa madzi amatha. Koma chimene chimagamula ndi khomo la chiberekero. Ngati likupyapyala ndi kutseguka, matenda ayamba, kaya mayi akulira kaya ali phee.

Matenda ali ndi magawo angati?

Gawo loyamba ndi kutseguka kwa njira mpaka masentimita 10. Limayamba pang'onopang'ono, ndipo kwa mayi wa mimba yoyamba kachiyambi kameneka kangathe kutenga usiku wonse popanda cholakwika. Njira ikafika masentimita 4 kapena 5 matenda amathamanga. Gawo lachiwiri ndi kutchima mpaka mwana kubadwa. Lachitatu ndi kutuluka kwa nsengwa. Lachinayi ndi maola 2 oyamba mayi atachira, ndipo ili ndi limene ophunzira amalipeputsa. Onani funso la kutaya magazi atachira.

Partograph imalembedwa bwanji, ndipo mizere iwiri ija ikutanthauza chiyani?

Partograph ndi pepala lolembapo kayendedwe ka matenda. Pa imene ambiri tinaphunzira, mumayamba kulemba njira ikafika masentimita 4, ndipo X woyamba wosonyeza kutseguka kwa njira amakhala pa mzere wa alert. Mtima wa mwana, mtima wa mayi ndi ma contraction (kulimba kwa chiberekero) mumalemba mphindi 30 zilizonse. Njira, kutsika kwa mutu, mtundu wa madzi a nsupa ndi moulding (kukwerana kwa mafupa a mutu wa mwana) mumalemba maola 4 alionse. BP nayonso isapitirire maola 4, ndipo ikakhala yokayikitsa yezani pafupipafupi.

Ma contraction sawerengedwa pomvera kulira. Ikani dzanja pamimba mphindi 10 zathunthu mukuyang'ana wotchi. Osafika masekondi 20 mumadontheza timadontho m'kabokosi, a masekondi 20 mpaka 40 mumajambula timizere topendeka, opitirira 40 mumadetsa kabokosi konse. Matenda abwino amakhala ndi ma contraction 3 kapena 4 pa mphindi 10, aliyense wopitirira masekondi 40. Kutsika kwa mutu mumayeza pamimba musanayeze njira: zala zanu zisanu zikakwana pa mutu pamwamba pa chinena ndi 5/5, mutu sunalowe, zikakwana ziwiri zokha ndi 2/5, walowa.

Mzere wa alert umakwera sentimita 1 pa ola. Wa action uli maola 4 kudzanja lamanja. Tiyerekeze mayi wafika 8 koloko m'mawa ali pa masentimita 4. Pofika 12 koloko masana tikuyembekezera 8. Mukapeza 6, wadutsa alert. Mizereyi inapangidwa ndi Philpott ndi Castle mu 1972 ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndipo anaipangira azamba a m'zipatala zazing'ono. Maola 4 a pakati pa mizere iwiriyo ndi nthawi ya ulendo. Muli ku Mayaka kapena ku Chingale kuseri kwa phiri, mayi akadutsa alert imbani foni, ndi cholinga choti pofika pa action akhale ali kale pamalo pamene pali fiyeta. Mukadikira action muli kutali, maola aja mwawadya nokha.

Pali chizolowezi china chimene ndachiona m'mawodi angapo ndipo sindichikonda m'pang'ono pomwe: kudzaza partograph mwana atabadwa kale kuti faelo ioneke yokwana. Imadziwika msanga, cholembera chimodzi, dzanja limodzi, mtima wa mwana 140 kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pepala lotero silinayang'anire aliyense. Ngati munali nokha pa amayi 6 ndipo simunathe kuyeza, siyani kabokosiko kopanda kanthu n'kulemba chifukwa chake.

Ndamva kuti lamulo la sentimita 1 pa ola linasintha. Zoona?

Zoona. Kafukufuku anaonetsa kuti amayi ambiri amene amachira bwinobwino amatseguka mochedwerapo, makamaka asanafike masentimita 5. Mu 2018 WHO inanena kuti matenda othamanga aziwerengedwa kuyambira pa masentimita 5, ndipo mu 2020 inatulutsa Labour Care Guide m'malo mwa partograph. M'menemo mulibe mizere ija. Sentimita iliyonse ili ndi malire ake: pa 5 maola 6, pa 6 maola 5, pa 7 maola 3, pa 8 maola 2 ndi theka, pa 9 maola 2. Mumalembanso ngati mayi ali ndi womuperekeza, ngati akumwa, ndi mmene wagonera.

Gwiritsani ntchito pepala limene chipatala chanu chikugwiritsa. Maganizo anga ndi akuti kusinthaku kumaletsa kuthamangira oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero) ndi mpeni kwa mayi amene akungochedwa, iye ndi mwana ali bwino. Sikunabwere kudzachotsa mtunda wa pakati pa chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa ndi tauni. Kutali, mutu ukakhala sukutsika, tumizani msanga.

Bwanji osangoyeza njira pafupipafupi kuti ndidziwe pamene tafika?

Chifukwa chala chilichonse cholowa chimatenga tizilombo, makamaka nsupa ikasweka. Maola 4 alionse akukwana. Mungayeze nthawi isanakwane nsupa ikangosweka, mtima wa mwana ukasintha, kapena mayi akati akufuna kutchima. Pemphani kaye, mufundeni chitenje, ndipo mumuuze zimene mwapeza. Ophunzira atatu asayeze mayi mmodzi motsatizana. Mayi amene akutaya magazi asanachire sayezedwa njira konse, ndipo chifukwa chake chili pa funso la magaziwo.

Matenda akuchedwa. Ndidziwa bwanji kuti akungochedwa kapena mwana wakakamira?

Yang'anani zinthu zitatu: mphamvu ya chiberekero, mwana, ndi njira ya mafupa. Ngati ma contraction ndi ofooka, mutu ukutsika ndipo moulding palibe, vuto ndi mphamvu. Mayi akodze, amwe phala kapena tiyi wa shuga, ayendeyende. Chikhodzodzo chodzaza chokha chimatha kuimitsa mutu. Oxytocin wa mu dilipi amaperekedwa pokhapo pamene pali fiyeta ndi munthu woyang'anira madontho.

Ngati ma contraction ndi amphamvu koma mutu uli pomwepo, samalani. Mafupa a mutu amakwerana osabwerera mukawakankha, imene ndi moulding ya +++. Pamutu pamatupa kwambiri, ndipo kutupako kumanyenga wophunzira: chala chimakhudza chofewa pafupi, iye n'kulemba kuti mutu watsika, chonsecho pamimba ukadali 4/5. N'chifukwa chake timayamba ndi pamimba. Khomo la chiberekero limatupa, mkodzo umachepa n'kukhala ndi magazi, milomo ya mayi imauma, mtima umathamanga. Pamimba pakaoneka mkwasa wopingasa wogawa mimba pawiri, umene timati Bandl's ring, chiberekero chatsala pang'ono kung'ambika. Apa oxytocin ndi poizoni, ndipo kukanikiza mimba ndi manja kuti mwana atuluke n'koletsedwa.

Chikang'ambika, ma contraction amasiya mwadzidzidzi. Gadiyani amatha kusangalala kuti ululu wachepa. Ziwalo za mwana zimamveka pafupi ndi khungu, mtima wake sumveka, wa mayi uli pa liwiro. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi mayi wa chipsera ndi amene wabereka ka 5 kapena kuposa. Mtsikana wa mimba yoyamba chiberekero chake sichifulumira kung'ambika, koma mutu ukapanikiza chikhodzodzo maola ambiri mnofu umafa, ndipo patatha masiku ochepa amayamba kudontha mkodzo. Fisitula imachizika, ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo ochitira opaleshoni yake, koma imayambira pa usiku umodzi umene wina anati tidikire kuche.

Agogo akuti matenda akuchedwa chifukwa mayi sanaulule amuna amene anayenda nawo. Ena ampatsa mwanamphepo. Nditani?

Za kuulula, auzeni agogo mwaulemu kuti mutu wa mwana ndi mafupa a mayi ndi zimene zikulimbana, ndipo muwaonetse ndi manja. Musalole kuti mayi azifunsidwa milandu ali pa bedi.

Za mankhwala achikuda, funsani mayi aliyense polowa, mopanda ukali: "Amayi, pali chimene mwamwa kunyumba kuti matenda afulumire? Ndikufunsa kuti ndidziwe mokuthandizirani." Mukafunsa mokalipa adzakana. Vuto la mankhwalawa ndi lakuti mlingo wake sudziwika, ndipo akamwedwa sangatsekedwe monga timatsekera dilipi. Mukaona ma contraction opitirira 5 pa mphindi 10, chiberekero chosapumula pakati, njira ikadali yaing'ono, mverani mtima wa mwana pafupipafupi ndipo dziwitsani wamkulu. Magadiyani ena amabweretsa mankhwalawa m'phala kapena mu fulasiki ya tiyi.

Mtima wa mwana ndimvera liti, ndipo ukasintha nditani?

Mverani contraction ikangotha, mphindi yathunthu, dzanja lina lili pa mkono wa mayi kuti musawerenge mtima wake. Wabwino uli pakati pa 110 ndi 160. M'gawo loyamba mphindi 30 zilizonse, potchima mphindi 5 zilizonse. Ukatsika kapena kukwera, mayi agonere kumanzere, tsekani oxytocin ngati alipo, ikani dilipi, ndipo yezani njira kuti muone ngati mchombo sunatsogole. Madzi obiriwira okhuthala pamodzi ndi mtima wosinthasintha ndiye kuti mwana watopa. Konzani ambu bag, chipangizo chopumitsira, mwana asanabadwe, poti wosapuma amafunika kupumitsidwa m'mphindi yoyamba.

BP yokwera imakhala yoopsa pati, ndipo magnesium sulphate amaperekedwa bwanji?

BP ya 140/90 kapena kuposa, yopezeka kawiri, mimba itapitirira masabata 20, pamodzi ndi puloteni mu mkodzo, ndi pre-eclampsia. Ikafika 160/110, kapena mayi akamva mutu waukulu, kuona zidima, kupweteka pachifu kapena pansi pa nthiti za kumanja, yafika poipa. Kupweteka kwa pachifuku ambiri amakutenga ngati zilonda za m'mimba n'kupereka mankhwala a asidi. Ndi chiwindi chimenecho. Kutupa mapazi kokha si umboni, amayi ambiri athanzi amatupa. Mayi akakomoka ndi eclampsia, ndipo woyembekezera aliyense wokomoka timamutenga ngati wa eclampsia mpaka titatsimikiza kuti ndi china. Kuno kwathu yezaninso malungo ndi shuga, koma magnesium, mankhwala oletsa kukomoka, asadikire zotsatira.

Akamakomoka mugonekeni chammbali, musaike supuni kapena chala mkamwa, itanani anzanu. Mlingo woyamba ndi magalamu 14. Magalamu 4 amapita mu mtsempha: tengani 8 ml ya magnesium wa 50%, onjezerani 12 ml ya madzi a jakisoni kuti ikwane 20 ml, ndipo perekani pang'onopang'ono kwa mphindi zosachepera 5. Muchenjezeni kuti amva kutentha thupi lonse. Magalamu 10 otsala mumabaya mkati mwa mnofu, 5 thako lililonse, posakaniza 1 ml ya lignocaine wa 2% chifukwa amawawa. Akakomokanso patatha mphindi 15, onjezerani magalamu 2 mu mtsempha. Kenako magalamu 5 maola 4 alionse, mosinthanitsa matako, mpaka maola 24 atachira kapena atakomoka komaliza.

Musanabaye mlingo wotsatira onani zitatu: akupuma ka 16 kapena kuposa pa mphindi, bondo likudumpha mukaligogoda, mkodzo ukufika 30 ml pa ola. Chimodzi chikasowa, imani. Kupuma kukafooka, mankhwala ake ndi calcium gluconate galamu 1 mu mtsempha pang'onopang'ono, ndipo dziwani pamene amasungidwa musanayambe shifiti.

Anamwino ambiri a m'zipatala zazing'ono amaopa magnesium, n'kutumiza mayi wopanda mlingo woyamba kuti akaupeze ku Zomba Central Hospital. Mantha amenewo ndi amene amachititsa kuti akomokere mu ambulansi. Kafukufuku wa Magpie wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000, anapeza kuti magnesium amachepetsa kukomoka ndi kuposa theka. Mlingo woyamba perekani pomwepo, lembani nthawi yake, kenako tumizani. Magnesium satsitsa BP, imeneyo ndi ntchito ya hydralazine kapena nifedipine. Matendawa amatha mwana ndi nsengwa zikatuluka, komabe mayi angathe kukomoka ngakhale atachira kale.

Mayi akutaya magazi asanachire. Bwanji sindiyenera kuyeza njira?

Chifukwa mwina nsengwa yakhala pakhomo la chiberekero, ndipo chala chanu chingaibowole magazi n'kukhuthuka osaletseka. Nsengwa yotsogola imataya magazi ofiira psuu popanda ululu, mimba ili yofewa, mutu uli pamwamba kapena mwana atapingasa. Nsengwa yomatuka nthawi isanakwane imapweteka kwambiri, mimba imalimba gwa, magazi amakhala akuda ndipo ambiri amabisala mkati, moti mayi amafooka kuposa magazi amene mukuwaona. Yomatukayi imakonda kuyenda ndi BP yokwera. Zonse ziwiri chochita ndi chimodzi: madilipi awiri a singano zazikulu, magazi okayeza, ndi ulendo wopita kumene kuli sikani, fiyeta ndi magazi.

Atachira, magazi ochuluka ndi angati, ndipo ndiyambe ndi chiyani?

Malire ndi 500 ml, koma kwa mayi amene anali kale ndi magazi ochepa ngakhale osafika pamenepo angamugwetse. Diso limachepetsa. Magazi amalowa m'zitenje, ena amatsetserekera pansi pa pepala lapulasitiki. Ndiye muziyang'ananso mayiyo: kugunda kwa mtima kukapitirira nambala yapamwamba ya BP, monga mtima 110 BP 100/60, wataya ambiri ngakhale akulankhula bwinobwino. BP ya mtsikana wamphamvu imagwa mochedwa. Akayamba kuyasamula, kupempha madzi, kutuluka thukuta lozizira, mwachedwa kale.

Kupewa kumayamba mwana akangobadwa. Gwirani pamimba kutsimikiza kuti mulibe wachiwiri, bayani oxytocin 10 IU pantchafu m'mphindi yoyamba, dikirani mphindi 1 mpaka 3 musanadule mchombo, tulutsani nsengwa pokoka mosamala dzanja lina litatchinjiriza chiberekero, ndipo iyang'aneni ngati yatuluka yonse. Oxytocin amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Amene wakhala pa tebulo masiku ambiri m'kutentha kwa Okutobala ku chigwa cha Chilwa angakhale atatha mphamvu. Kumene kulibe oxytocin, misoprostol 600 mcg wakumwa amalowa m'malo.

Magazi akayamba, zoyambitsa ndi zinayi: chiberekero cholobodoka, kung'ambika kwa njira, zotsalira za nsengwa, ndi magazi osaundana. Choyambacho ndiye chochuluka. Chiberekero chabwino chimalimba ngati papaya wosapsa cha pamchombo. Chikakhala chofewa, tikitani mwamphamvu, fuulani kuti anzanu abwere, tulutsani mkodzo ndi katheta. Musachite chimodzi n'kudikira kuti muone. Kutikita, oxytocin mu dilipi, tranexamic acid galamu 1 mu mtsempha, madzi, ndi kuyang'ana njira zichitike nthawi imodzi. Kafukufuku wa E-MOTIVE wa mu 2023, m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anaonetsa kuti kuyeza magazi ndi pepala lokhala ndi milingo, n'kupereka zonsezi pamodzi, kunachepetsa kutaya magazi koopsa ndi pafupifupi 60%. Tranexamic acid amathandiza akaperekedwa maola 3 asanathe. Zikakanika, panikizani chiberekero ndi manja awiri, ikani m'chiberekero kondomu yomangirira pa katheta n'kuidzaza madzi, valikani NASG (chovala chopanikiza miyendo ndi mimba) ngati ilipo, ndipo nyamukani.

Mayi wotaya magazi osathandizidwa angathe kumwalira m'maola 2. N'chifukwa chake m'maola 2 oyamba timagwira chiberekero, kuona thewera, ndi kuyeza mtima ndi BP mphindi 15 zilizonse. Pa nthawi yomweyi aliyense amakhala ali kwa mwana, mzamba akulemba, gadiyani wapita kukatereka phala. Phunzitsani mayi ndi gadiyani kugwira chiberekero okha ndi kukuitanani chikafewa.

Nsupa yasweka masiku asanakwane. Mayi adikire kunyumba matenda ayambe?

Ayi, abwere. Nsupa ikasweka njira ya tizilombo yatseguka, ndipo mimba ikakhala yosakwana masabata 37 maantibayotiki amayamba pomwepo, ikakhala yokwana amafunika pakapita maola 18. Kutentha thupi, madzi onunkha ndi mtima wa mwana wothamanga ndiye kuti tizilombo talowa kale. Ngati mimba ili pakati pa masabata 24 ndi 34 ndipo mwana akuoneka kuti abadwa, dexamethasone 6 mg maola 12 alionse, ka 4, amakhwimitsa mapapo, bola mayi asakhale ndi zizindikiro za tizilombo ndipo achirire kumene kuli nazale.

Malawi ili m'gulu la mayiko amene ana ambiri amabadwa osakwana masiku: lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linati ana 18 pa 100 alionse. Chisamaliro cha kangaru, chomangirira mwana pachifuwa khungu ndi khungu, chinakhazikitsidwa pa Zomba Central Hospital mu 1999. Mwana wotere mukamamutumiza, ayende ali pachifuwa cha mayi, atavala chipewa.

Malungo ndi kuchepa kwa magazi zikukhudzana bwanji ndi leba?

Tizilombo ta malungo timabisala mu nsengwa ngakhale mayi asakudwala. Mwana amabadwa wochepa, mayi magazi amatsika. Malawi inayamba kupereka SP (Fansidar), mankhwala oteteza ku malungo, kwa amayi oyembekezera mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero. Amayamba pa masabata 13, mapiritsi 3 omwera pamaso panu, motalikirana masabata 4, kosachepera ka 3. Mayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa SP. Hb (mlingo wa magazi) yosafika 11 ndi kuchepa kwa magazi, yosafika 7 ndi koopsa, ndipo mayi wotero achirire kumene kuli magazi. Kumadera a mpunga monga Likangala ndi Domasi, udzudzu suona nyengo.

Mayi amene ali ndi HIV timamusamala mosiyana?

Kuyambira mu 2011, pamene Malawi inayambitsa Option B+, woyembekezera aliyense wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV a moyo wonse. Mu leba onani ngati akumwa, onani viral load (kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi), musaswe nsupa popanda chifukwa, ndipo mwana ayambe mankhwala ake akangobadwa. Amene sanayezedwe posachedwa ayezedwenso. Za m'buku lake musazinene gadiyani akumva.

Ndani ayenera kukadikirira kuchipatala chachikulu? Nanga azamba akumudzi analetsedwa?

Wa chipsera cha opaleshoni, wa mapasa, amene mwana wagona mopingasa kapena watsogoza matako, wa BP, wa magazi ochepa kwambiri, amene anatayapo magazi kapena kutaya mwana pochira, mtsikana wamng'ono, ndi amene wabereka kambiri. Boma la Zomba lilibe chipatala cha boma chapadera monga maboma ena, choncho Zomba Central ndi imene imalandira odwala ochokera m'zipatala zazing'ono, kuwonjezera otumizidwa kuchokera ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Phalombe. St Luke's nayonso imachita opaleshoni. Wokhala kutali apite kuchidikiro mwezi wa 9 ukangoyamba, makamaka nthawi ya dzinja, atatenga zitenje, beseni, pepala lapulasitiki ndi buku lake.

Boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho, koma uphungu wa zaumoyo ndi woti ntchito yawo ikhale kulangiza ndi kuperekeza. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda, wa konkuno ku Domasi, anayambitsa ntchito ya uchembere wabwino, zidikiro zinamangidwa, mafumu anaika zindapusa kwa ochirira kunyumba. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse, MDHS, wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 pa 100 ankabadwira kuchipatala, ndipo imfa za amayi zinali 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo, kutsika kuchoka pa 1,120 mu 2000 ndi 675 mu 2010. Amayi anamvera, anabwera. Amene akumwalira tsopano ambiri akumwalirira m'manja mwathu kapena panjira pakati pa zipatala ziwiri, ndiye mayi wofika mochedwa atalipitsidwa kale mbuzi kumudzi asalandirenso chilango china kwa ife.

Ndikudikira ambulansi. Ndichite chiyani pakadali pano?

Imbirani kumene akupita, munene vuto, zimene mwapereka ndi nthawi yake. Ikani dilipi ndi katheta, perekani mlingo woyamba wa chimene chikufunika, kaya magnesium, maantibayotiki kapena oxytocin. Partograph ipite ndi mayi. Mzamba akwere nawo atanyamula zobereketsera ndi ambu bag, ndipo abale amene angapereke magazi atsatire. Wochokera ku Chisi ali ndi bwato mpaka ku Kachulu kenako msewu, ndiye foni imbani bwato lisananyamuke.

Mchombo ukatsogola ukugunda, mayi agwade chifuwa pansi matako m'mwamba, inu mukankhe mutu m'mwamba ndi zala. Pa ulendo wautali dzazani chikhodzodzo ndi 500 ml ya saline kudzera mu katheta n'kutseka, chimanyamula mutu kuti usapanikize mchombo. Mu ambulansi agone chammbali, chiuno chitakwezedwa ndi pilo kapena zitenje zopinda.

Mayi watuluka ali bwino. Pali chinanso choopa?

Tizilombo m'chiberekero, timene timaonekera patatha masiku angapo: kutentha thupi, kuzizidwa, kupweteka m'munsi mwa mimba, zotuluka zonunkha, chiberekero chosabwerera. Ambiri amagula mankhwala a malungo pagolosale n'kutaya masiku. Magazi angayambirenso ngati munatsalira kachidutswa ka nsengwa, ndipo mutu waukulu m'sabata yoyamba ndi nkhani ya BP, monga tanenera pa funso la magnesium. Mwendo umodzi wotupa ndi wopweteka, kapena kubanika mwadzidzidzi, ndi magazi oundana m'mitsempha. Mayi akhale kuchipatala maola 24 oyamba, aonedwenso pa tsiku la 3, pakati pa masiku 7 ndi 14, ndi pa masabata 6. Wa opaleshoni auzidwe asanatuluke kuti apumule zaka 2 asanatenge mimba ina, asankhe njira yolera, ndipo mimba yotsatirayo akachirire kumene kuli fiyeta.